Tizilonda takumusi: zomwe ndaona sabata ino

Lolemba m'mawa munthu woyamba kulowa m'chipinda changa anali mnyamata wa kabaza. Anayamba kudandaula mutu, kenako msana. Nditatseka chitseko n'kumufunsa kuti, "Achimwene, chakubweretsani kwenikweni n'chiyani?" m'pamene anaulula kuti kumusi kwatuluka tiziphuphu ndipo kwa masiku atatu tulo sakutiona. Mnzake anamuuza kuti ndi herpes, matenda osachiritsika.

Nditamuona, mtima wanga unakhala pansi. Tiziphuphuto tinali tomwazikana mmene munadutsa lezala, kalikonse kali ndi tsitsi pakati ndi kamafinya koyera pamwamba. Anameta ndi lezala lakale, n'kumatchova njinga tsiku lonse ali thukuta kamukamu. Herpes, amene ena amati nsungu, sabwera choncho. Munthu amayamba kumva kunyerenyesa kapena kuwotcha pamalo amodzi, kenako pamatuluka timatuza tamadzi tounjikana, timene tikaphulika timasiya zilonda zosazama koma zopweteka kwambiri. Ulendo woyamba thupi limatentha, mwanabere amatupa, ndipo mkodzo ukakhudza chilonda munthu amalumira mano. Ndinamuyezabe HIV ndi chindoko, zonse zinali bwino. Ndinamuuza asiye kaye kumeta.

Lachiwiri linadutsa ndi malungo ndi chifuwa. Mmodzi yekha anabwera ndi zipere za m'mphechepeche zimene anazikulitsa ndi kirimu wogula pamsika. Makirimu amenewa amandipweteka mtima, chifukwa amasintha maonekedwe a chilonda mpaka diso langa kusokonezeka.

Amene sindikumuiwala ndi mayi wa Lachitatu. Anati sopo watsopano wamuwenga, mwinanso ndi mauka. Koma nditafunsa bwino, kanali kachitatu chaka chino, malo ake omwewo, ndipo nthawi zonse kumayamba ndi kunyerenyesa. Sopo akawenga, khungu limafiira ndi kuyabwa ponse pamene wakhudza, ukamusiya zimatha. Mayiyu anali ndi timatuza tinayi pamodzi, tiwiri titaphulika kale.

Nditamuuza kuti zikuoneka ngati herpes, anandifunsa ngati pali poyezera kuti atsimikize. Njira yodalirika ndi kutenga madzi a m'thuza ndi kathonje n'kukayeza pa chipangizo cha PCR chofufuzira kachilombo koyambitsa herpes, ndipo zimafunika chilonda chikadali chachiwisi, chisanachite nkhanambo. Pachipatala chaching'ono ngati chathu chipangizocho tilibe. Kuyeza magazi kumangosonyeza kuti thupi linakumanapo ndi kachilomboka, kumatha kutenga masabata 12 kapena kuposerapo kuti kuonetse, ndipo sikunena kuti munthu anakatenga liti. Choncho timatsata ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo: chilonda cha kumaliseche timachiza chindoko, mabomu ndi herpes nthawi imodzi, chifukwa maso okha amanama. Chilonda cha chindoko nthawi zambiri sichipweteka n'komwe, koma ndaonapo matenda awiri pa munthu mmodzi. Anabayidwa jakisoni wa benzathine penicillin, ndinamupatsa mapiritsi ena pamodzi ndi acyclovir, mankhwala a herpes, n'kumuuza mosabisa kuti acyclovir amafulumizitsa kupola koma kachilomboka kamatsala m'mitsempha.

Anakhala chete, kenako anati, "Adokotala, ndiye kuti bambo akunyumba akuyendayenda?"

Funso limeneli ndimaliopa kuposa chilonda chilichonse, chifukwa yankho lopupuluma likhoza kupasula banja. Ndinamuuza zoona zake: kachilomboka kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri osaonetsa chizindikiro, ndipo ambiri amene ali nako sadziwa. N'kutheka kuti mmodzi wa iwo analowa nako m'banja. Bungwe la WHO linanena mu 2024 kuti anthu pafupifupi 846 miliyoni azaka 15 mpaka 49 padziko lonse ali ndi herpes wa kumaliseche, kutanthauza munthu mmodzi mwa asanu alionse a msinkhu umenewu. Ndinamuuzanso chifukwa chimene sindilola munthu wa zilonda kutuluka osayezetsa HIV: mtundu wa herpes wotchedwa HSV-2 umachulukitsa pafupifupi katatu mpata wotenga HIV. Ndinamupatsa kakalata koitanira mwamuna wake.

Lachinayi anamwino a kusikelo ananditumizira mayi wa mimba ya miyezi isanu ndi itatu. Pamenepo sindichedwa, chifukwa mayi akatenga herpes koyamba mimba itakula, khanda likhoza kudwala koopsa pobadwa. Mwamwayi vuto lake linali mauka, koma ndinamupempha kuti akangoona thuza abwere tsiku lomwelo.

Lachisanu masana, mzere utatha, ndinamva kugogoda. Anali mayi wa Lachitatu uja, kumbuyo kwake kuli bambo atagwira kakalata kaja. Bamboyo anakana kukhala pampando mpaka nditabwereza pamaso pawo zonse zimene ndinauza akazi awo. Atamva, anati nawonso kamawatuluka kachilonda nthawi zina kuyambira ali mnyamata, ndipo ankayesa kuti ndi zipi ya thalauza. Tinakambirana za makondomu ndi zopewa kugonana kunyerenyesa kukangoyamba mpaka zilonda zitapola. Kenako onse awiri anapita kukakhala pabenchi ya kuchipinda choyezera magazi, mayi atanyamula mabuku onse awiri akuchipatala.