Machesi awiri ndi magalamu 3 a fodya ku Saint-Claude

Tinanyamuka ku Geneva m'mawa wa Loweruka kukuzizira kwambiri, ine ndi mnzanga wa ku France amene timagwira naye ntchito. Iyeyo ndiye anandikoka. Ankadziwa kuti ndili ndi kaliwo amene ndimayatsa mwa apo ndi apo, makamaka Lamlungu madzulo, ndiye tsiku lina anandifunsa ngati ndinamvapo za mpikisano wosuta kaliwo pang'onopang'ono. Kagulu ka anthu okonda kaliwo ka kwawo kanali katakonza kampikisano kawo, ndipo malo analipo. Ndinavomera, koma mumtima funso linali limodzi: kodi munthu angasangalale bwanji atakhala pampando maola, osayankhula, maso ali pa kamoto kochepa ngati njere ya mapira?

Msewu umakwera mapiri a Jura kudzera pa Col de la Faucille, pamtunda wa mamita opitirira 1,300, kenako umatsetsereka mokhotakhota. Amene anatsikapo msewu wa ku Golomoti akudziwa mmene m'mimba mumachitira pa makona otere. Titadutsa Septmoncel tinaima pang'ono kuona thanthwe lopindika limene amalitcha Chapeau de Gendarme, kutanthauza chipewa cha wapolisi, ndipo posakhalitsa tawuni inaonekera pansi m'chigwa, pamene mitsinje ya Bienne ndi Tacon imakumana.

Saint-Claude ndi katawuni kochepa, anthu ake sakwana 10,000, koma aliyense wokonda kaliwo amakadziwa. Kanayamba ndi nyumba ya amonke. Anthu odzapembedza ankagula makolona ndi tizinthu tina tosema, motero luso losema mitengo linazika mizu. Cha m'ma 1850 amisiri a kumeneko anayamba kusema kaliwo kuchokera ku chitsa cha kamtengo kotchedwa bruyère, kamene kamamera m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Chitsacho ndi cholimba, sichipsa msanga, ndipo mpaka lero kaliwo wambiri padziko amasemedwa ndi mtengo umenewu. Mayina monga Chacom ndi Butz-Choquin ndi a konkuno. Tinalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Musée de la Pipe et du Diamant (kudula miyala ya dayamondi inalinso ntchito ya tawuniyi), ndipo m'menemo muli kaliwo wa anthu amene analandiridwa m'bungwe la amisiri la Confrérie des Maîtres-Pipiers, lomwe linakhazikitsidwa mu 1966. Sitinakhalitse, nthawi inali itatha.

Mpikisano unachitikira m'chipinda chachikulu chimene anabwereka, chokhala ndi matebulo aatali. Tinalipo anthu ngati makumi atatu, ambiri achikulire, amayi angapo, ndi anyamata awiri atatu. Pamalo pa aliyense anaikapo zinthu zofanana: kaliwo watsopano, kaphukusi ka fodya wolemera magalamu 3, machesi awiri, pepala loyera limodzi, ndi kamtengo kotsindira fodya, kotalika pang'ono kuposa chala chapakati. Kaliwo wako wa kunyumba saloledwa. Malamulo amene anatsatira ndi a bungwe la padziko lonse la magulu otere, la CIPC: mphindi 5 zopakira fodya, mphindi imodzi yoyatsa, basi. Mphindi imeneyo ikatha, machesi amachotsedwa patebulo. Moto ukazima, wazima. Umakweza dzanja, woyang'anira tebulo amalemba nthawi yako, ndipo zako zatha.

Nditatsegula kaphukusi ndinayamba ndanunkhiza. Fungolo linanditengera ku Kasungu, m'chigafa cha agogo anga aamuna, kumene fodya wa bale (Burley) ankalendewera mpaka kufiira. Fodya wa kaliwo kawirikawiri amasakaniza mitundu, ndipo bale ndi umodzi mwa mitundu ikuluikulu; wa ku Malawi amapita kutali atadutsa pa okushoni ya ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. Agogowo anali ndi kaliwo wawo wakuda ndi utsi, ndipo ndiwo anandiphunzitsa mwambi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Apa wapachala anali woyezedwa pasikelo, ndipo kachidutswa kalikonse kogwera pansi kanali mphindi yotayika.

Pafupi nane panakhala bambo wina wachikulire wa ndevu zoyera, amene manja ake ankaoneka kuti agwirapo ntchito ya mitengo zaka zambiri. Mphindi 5 zija zitayamba, ine ndinangothira fodya mu kaliwo monga ndimachitira kunyumba. Iwo anakhuthulira wawo papepala, n'kuyamba kumufikisa pakati pa zikhato mpaka atasanduka tizidutswa tating'ono tofanana. Kenako anapinda pepalalo, n'kumathira pang'onopang'ono, akutsindira, akuyesa kukoka mpweya, akuthiranso. Atandiona ndamaliza kale, anandiuza chapansipansi, mnzanga n'kumasulira: "Mwanawe, khuthula uyambirenso, nthawi ikadalipo." Ndinati, "Zikomo bambo," n'kuchita monga ananenera. Taonani, munthu amene tikupikisana naye akundiwongolera dzanja.

Chizindikiro chitaperekedwa, chipinda chonse chinalira machesi nthawi imodzi, utsi n'kudzaza tolotolo. Kenako zii. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti zimene tikuchitazi si kusuta ayi. Kunyumba umayatsa fodya yense pamwamba, umakoka utsi wambiri, umamva kukoma, ukazima umayatsanso osadandaula. Kuno akatswiri amafuna kamoto kamodzi kokha kakang'ono, ndipo amakayendetsa m'mbali mwa kaliwo pogwiritsa ntchito kamtengo kaja, kuti kazidya fodya pang'onopang'ono ngati chiswe. Utsi wotuluka pakamwa pawo ndi wochepa moti umachita kuuyang'anitsitsa. Kamtengoko umaloledwa kukagwiritsa ntchito pokhapokha kaliwo ali pakamwa, ndipo phulusa lomata kumapeto kwake umalipukutira papepala. Kuuzira moto kuchokera pamwamba n'koletsedwa. Ngakhale madzi akumwa umayamba wadikira mphindi 10.

Ndinene zoona zake: mkamwa simunakome. Patatha mphindi makumi awiri lilime linayamba kuwawa, chifukwa mantha oti moto uzima ankandikokesa pafupipafupi, kaliwo n'kutentha. M'kati munayamba kulira madzi. Malamulo amalola kuchotsa kapaipi ka pakamwa kwa kanthawi kochepa kuti ukutumule madziwo, koma manja anga ankanjenjemera poganiza kuti m'masekondi amenewo kamoto kangafe. Khosi linauma, msana unatopa. Aliyense wobwera kuno kudzafuna kukoma kwa fodya abwerera wokhumudwa, ndipo ndikuganiza kuti anthu amene amanena kuti mipikisano imeneyi imawononga chisangalalo cha kaliwo akunena zoona pa mbali imeneyi.

Koma panali chinthu china chimene sindinachiyembekezere. Cha pakati pa nthawi yanga ndinaona kuti mutu wanga wayera. Za kuntchito, za lendi, za ndalama zotumiza kumudzi, zonse zinachoka. Panatsala ine, mpweya wanga, ndi kamoto kobisala pansi pa phulusa kamene sindinkakaona koma ndinkakamva ndi zala, mbali iyi kwafunda, mbali iyo kwazizira. Ndinakumbuka agogo anga aakazi akukwirira makala ndi phulusa usiku kuti m'mawa asapite kukapala moto kwa aneba. Ankadziwa phulusa lokwanira: likachuluka moto umafa, likachepa nkhuni zimatha usiku womwewo. Luso lake ndi lomwelo ndithu, kungoti iwo ankachita chifukwa machesi anali osowa, pamene ife tinalipira ndalama kuti atilande machesiwo. Ndinasangalala kwambiri pamenepo, chisangalalo chachete chimene sindinachimve kwa zaka.

Wanga anazima pa mphindi 41. Ndinakoka kamodzi, kawiri, ndinangomva mpweya wozizira wonunkha phulusa. Mtima unawawa kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinakweza dzanja, analemba, ndinanyamuka mwakachetechete kupita kumbuyo kumene kunali ena amene anatuluka kale. Nditakhuthula kaliwo ndinapeza fodya wosapsa wotsala pansi, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu. Moto sunafe chifukwa chosowa chakudya. Ndinaupanikiza ndekha ndi kamtengo.

Kumbuyoko kunali dziko lina. Kunali tebulo la buledi, tchizi cha Comté ndi cha Morbier, khofi ndi vinyo wa m'dera la Jura, ndipo anthu ankanong'onezana n'kumaseka. Aliyense ankafotokoza mmene wake wazimira, ngati asodzi okamba za nsomba imene yapulumuka. Mnyamata wina kaliwo wake anazima mphindi zitatu zisanathe, koma ndiye ankaoneka wokondwa kuposa tonse. Mayi wina anandiuza kuti wakhala akubwera zaka zambiri ndipo sanafikepo pa ola limodzi. Chimene chimamubweretsa ndi tsiku limodzi lokhala ndi anthu amene samuona ngati wachilendo akatulutsa kaliwo. Mawuwo ndinawamvetsa. Ku France kusuta m'malo odyera ndi omwera kunaletsedwa kuyambira mu January 2008, ndipo ine lamulolo ndimagwirizana nalo, pakuti fodya amapha ndipo agogo anga aamuna aja anamwalira akutsokomola. Osuta kaliwo atsala ochepa, ndipo ambiri amasuta okhaokha kunyumba. Tsiku ngati ili ndi limene amaonana nkhope.

Kumeneko ndiko ndinamva dzina la Gianfranco Ruscalla wa ku Italy likutchulidwa mwaulemu. Mu 2008 iyeyo anasunga moto wa magalamu 3 omwewa kwa maola 3, mphindi 33 ndi masekondi 6. Ndinayang'ana kaliwo wanga, ndinayang'ana wotchi. Anthu a ku Italy ndi odziwika pa masewerawa, ndipo amene amafika pamwamba amachita kukonzekera masiku ambiri, kuyeza fodya pasikelo kunyumba, kulemba nthawi zawo. Kwa otere ndikukhulupirira kuti chisangalalo chili ngati cha wothamanga mtunda wautali: thupi likuvutika, mtima ukukondwera ndi luso. Pamapeto oyang'anira amaunikanso kaliwo wa opambana, ndipo ngati mtengo wake wapsa m'kati, nthawi yakeyo siwerengedwa, chifukwa ndiye kuti munthuyo amasuta mtengo osati fodya.

Ola litadutsa patebulo panatsala anthu asanu. Kenako atatu. Kenako awiri: bambo a ndevu zoyera aja ndi mayi wina wazaka zapakati. Tonse tinasiya kudya n'kuwazungulira chapatali, osatsokomola n'komwe. Nkhope za awiriwo zinali zosiyana. Mayiyo anali atakwinya chipumi, thukuta lili pamphuno, ndipo sindinganene kuti pa nthawiyo ankasangalala. Bamboyo anali atatsinzina pang'ono ngati munthu wowothera dzuwa pakhonde. Woyang'anira ankawerama pafupipafupi kuti aone ngati utsi ukutulukadi. Mayiyo ndiye anapambana, atadutsa ola limodzi ndi mphindi 50, ndipo atangokweza dzanja anamwa madzi kapu yonse osapuma, kenako anaseka mpaka misozi. Bamboyo anaimirira n'kumupsompsona masaya onse awiri monga mwa chikhalidwe chawo.

Kaliwo wa mpikisano umapita naye kwanu. Tikutuluka, bambo aja anatenga wanga, anamuzunguliza m'manja, analoza pansi pake pamene fodya anatsalira, n'kundisonyeza ndi chala mmene ndikanagwirira kamtengo: osakankha, kungokakhazika kuti kulemera kwake kokha kugwire ntchito. Ndinawathokoza ndi manja awiri. Anandifunsa kumene ndimachokera, ndipo nditati ku Malawi anagwedeza mutu n'kunena mawu amodzi okha, "Burley."

Tinakwera phiri lija kutada, chifunga chili pa Faucille. Lilime linapitiriza kuwawa mpaka Lachiwiri. Lachitatu ndinagula kasikelo kakang'ono koyezera magalamu, ndipo ndinamuuza mnzanga kuti akadzakonzanso andilembe dzina.