Tsekani makope

Lachisanu lililonse, kukatsala mphindi 20 kuti belu lilire, ndimauza ana a m'kalasi mwanga kuti atseke makope. Amadziwa kale chimene chikubwera. Ena amayang'ana pansi, ena kudenga ngati kuti mizere yalembedwa kumeneko, ena milomo ikungogwedera chamumtima. Kenako mmodzi amanyamuka, n'kubwera kutsogolo chimanjamanja, n'kulakatula ndakatulo imene waloweza sabata imeneyo. Ndachita zimenezi kwa zaka 9 tsopano, ndipo chaka chilichonse sipalephera kupezeka munthu, kaya kholo kaya mphunzitsi mnzanga, wondikokera pambali n'kundifunsa ngati sindikuwatayitsa nthawi anawa. Mawu ake amakhala omwewomwewo: kuloweza si kuphunzira, mwana si chinkhwe.

Ndimawamvetsa, chifukwa inenso ndinalowezapo mwa chinkhwe. Ndili mwana tinali ndi aphunzitsi amene ankalemba ndakatulo pabolodi Lolemba, ife n'kukopera, Lachitatu n'kuyamba kuimirira mmodzimmodzi. Ukaiwala liwu limodzi, ndodo imodzi m'manja. Ndakatuloyo inali ya Chingerezi ndipo palibe tsiku limene anatiuza chimene inkanena. Tinkaithamangitsa ndi mpweya umodzi, maso ali pa ndodo ija. Mpaka lero mizere iwiri yoyambirira ndimaikumbukira, koma ikangofika pakamwa m'manja mwanga mumayamba kutentha. Mwana wa munthu sindingamuchite zimenezo. Komatu nditakula ndinaona kuti chimene chinatipweteka ndi ndodoyo, komanso kutinenetsa mawu amene sitinkawamva. Kulowezako pakokha kunalibe mlandu, kungoti kunagwera m'manja molakwika.

Ndiye ine ndimayambira kwina. Lolemba ndakatulo ndimailakatula ndine, kawiri, ana ali chete, osalemba kanthu. Ndikatha ndimafunsa mafunso awiri okha: akulankhula ndani, ndipo akulankhula ndi yani? Pamenepa pamabuka mkangano wokoma. Wina ati ndi mayi akulankhula ndi mwana wake, wina ati ayi, akudzilankhulira yekha. Mawu ovuta timawamasulira tsiku lomwelo, onse, osasiyako ndi limodzi lomwe. Kenako amakopera ndi manja awo. Lachiwiri ndimalemba ndakatulo yonse pabolodi, tiwerenge limodzi, ndifufute mawu atatu apa ndi apo, tiwerengenso, ndifufutenso ena, mpaka pabolodi pangotsala zilembo zoyambirira za mzere uliwonse. Anawo amasangalala kwambiri pamene bolodi layera mbee koma pakamwa pawo mizere ikutulukabe. Lachitatu ndi Lachinayi ndi mphindi zisanuzisanu basi, awiriawiri, wina kope lotseka, mnzake akumuyang'anira.

Kugawa masikuku sindinakupeke ndekha. M'chaka cha 1885 katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasindikiza zimene anapeza atadziyesa yekha kwa zaka zingapo. Ankaloweza timaphatikizo topanda tanthauzo, n'kumawerengera kuti wabwereza kangati komanso waiwala zingati pakapita ola, tsiku kapena mwezi. Anapeza kuti munthu amaiwala kwambiri poyambirira penipeni, kenako kuiwalako kumacheperachepera. Anapezanso kuti kubwereza maulendo 38 mogawa pa masiku atatu kunamupindulira mofanana ndi kubwereza maulendo 68 tsiku limodzi. Koma chimene chimandikhudza mtima ine ndi ichi: atayesa kuloweza ndime za ndakatulo yeniyeni, yatanthauzo, ntchito yake inachepa pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi timaphatikizo topanda pake tija. Ndiye kuti aphunzitsi anga aja, posatiuza tanthauzo, ankatisenzetsa mtolo wolemera pachabe. Ndipo za kutseka kopezo, mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku America anaonetsa kuti ophunzira amene ankadziyesa kukumbukira zimene awerenga anasunga zambiri patatha sabata kuposa anzawo amene ankangowerenga mobwerezabwereza. Mwana akamavutika kufunafuna mzere m'mutu, nkhope ili yokwinya, mpamene mzerewo ukumera mizu. N'chifukwa chake mnzake womuyang'anira ndimamuuza kuti asamuuze msanga, awerenge kaye mpaka faifi chamumtima.

Koma ndisakunamizeni kuti ndimachita izi pofuna kulimbitsa ubongo wa ana. Chifukwa changa chenicheni chili m'khutu. Mwana akhoza kuyankha mafunso onse a papepala, n'kutchula kuti apa pali chifanifani, apa pali mawu obwerezedwa, koma ndakatuloyo osaimva n'komwe. Akaimirira kuti ailakatule, palibe pobisala. Pamene wapumira, liwu limene walikweza, pamene wathamanga ndi pamene wadekha, zonsezo zimandiuza ngati wamva kapena ayi, ndisanamufunse funso ndi limodzi lomwe.

Chichewa chathu ndiye chimamuulula munthu msangamsanga, chifukwa kakwezedwe ndi katsitsidwe ka liwu sitikalemba. Papepala mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu ndi zilembo zofanana. Khungu la pathupi ndi khungu la maso chimodzimodzi. Tsiku lina ndinawalembera ana timizere tanga tophunzirira, ndipo wina unali wakuti:

Khungu la agogo silinawaletse
kuzindikira mdidi wanga pakhomo.

Mtsikana wina wanzeru kwambiri, amene mayeso olemba sapezeka pansi pa nambala 3, anaimirira n'kutchula khungu lija mokweza poyambirira, ngati la pathupi. Kalasi lonse linaseka, iye n'kudabwa kuti walakwa pati, pakuti liwu lililonse analinena. Ndinamufunsa kuti, kodi agogowa vuto lawo n'chiyani? Anakhala phee, milomo ikubwereza mzere wachiwiri, kenako maso anatseguka. "Aphunzitsi, agogowa saona!" Anayambiranso, ndipo ulendo uno sanangokonza liwu limodzi lija. Pa mawu akuti mdidi anatsitsa liwu n'kudekha, ngati kuti iyenso akutchera khutu pamodzi ndi agogowo. Zimenezo sindinamuphunzitse ine. Akanangowerenga chamumtima, bwenzi atadutsa pamenepo, ine osadziwa, iyenso osadziwa.

Palinso nkhani ya mpweya. M'Chichewa, pamene munthu akupumira, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika pang'ono lokha. Ndiye mwana akapumira pakati pa ganizo, amakoka liwu losayenera kukokedwa, ndipo chiganizo chimathyoka msana aliyense akumva. Ana ambiri poyamba amaima kumapeto kwa mzere uliwonse ngati galimoto pamphambano, ngakhale ganizo likupitirira ku mzere wotsatira. Timatha nthawi yaitali pa chimenechi. Ndimawauza kuti alembe kachizindikiro ndi pensulo pamene akufuna kupuma, ndipo awiri akasiyana, aliyense afotokoze chifukwa chake. Nthawi zina onse awiri amakhala akulondola, ndakatulo imodzi n'kutuluka ndi nkhope ziwiri.

Za manja ndi zisudzo ndiye ndine wouma mtima pang'ono. Pali ana amene akangomva kuti dzuwa amaloza kumwamba, akamva kuti mtima amadzimenya pachifuwa, liwu lili pamwamba kuyambira mzere woyamba mpaka wotsiriza. Anzawo amawaombera m'manja kwambiri, koma ukawafunsa omverawo kuti ndakatulo imati chiyani, amakumbukira manja okha. Ulendo woyamba ndimafuna manja akhale pansi, mawu agwire ntchito okha. Dzanja likadzanyamuka lokha pambuyo pake chifukwa mzere walikoka, limenelo ndilibe nalo vuto. Mipikisano iliko ndithu, monga Poetry Out Loud ya ku America imene inayamba mu 2005, ndi Poetry By Heart ya ku England ya mu 2013, ndipo yakopa ana ambiri. Koma m'kalasi mwanga Lachisanu sindipereka malikisi. Pa 21 Malichi, tsiku limene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inakhazikitsa mu 1999 kuti likhale la ndakatulo, aliyense amasankha yake imene waikonda pa zonse za chaka, ndipo palibe woyamba kapena wotsiriza.

Funso lina limene ana enieniwo amandifunsa n'lakuti, aphunzitsi, tivutikirenji pamene zonse zili pa foni? Ndimawauza za Anna Akhmatova, mlakatuli wa ku Russia. M'nthawi ya Stalin, wolamulira wankhanza wa kumeneko, mwana wa mlakatuliyu ali m'ndende, kusunga pepala la ndakatulo zonena za mavutowo kukanatha kumuphetsa. Ankalemba mizere pa kapepala, mnzake Lydia Chukovskaya n'kuiwerenga mwakachetechete mpaka italowa, kenako kapepalako n'kukatentha pomwepo. Ndakatulozo zinakhala m'mitu ya anthu ochepa kwa zaka zambiri zisanasindikizidwe. Anawo amamvetsera ali duu, koma ndimadziwa kuti kwa iwo zimenezi n'zakutali. Chapafupi n'chakuti pa foni umapeza chimene ukuchifunafuna, pamene chimene unaloweza chimakupeza chokha. Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo anandilembera uthenga kuti usiku wina akudwazika mayi ake kuchipatala, tulo tosabwera, ndime ina imene tinaloweza inangotulukira m'mutu mwake, ndipo anaibwereza chapansipansi mpaka kunja kunacha. Akuti ali pasukulu ankaiona ngati ndime wamba.

Sindikakamiza mwana aliyense kuima kutsogolo. Wamanyazi akhoza kulakatula ali pamalo pake, kapena kubwera kwa ine pa nthawi yopuma, tili awiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo woiwala pakati saseketsa. Lamulo lathu n'lakuti akaima, tonse timadikira, ndipo akandiyang'ana ndimamupatsa liwu limodzi lokha loyambira mzere wotsatira.

Chaka chathachi ndinali ndi mnyamata wachibwibwi amene ankakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera. Teremu yonse yoyamba sanakwezepo mkono. Ngakhale kuyankha dzina lake poitana mayina kunali nkhondo, nsagwada zili gwa, maso atatsinzina. Sindinamuike pamndandanda wa Lachisanu, ndipo ndinkaganiza kuti ndikumuchitira chifundo. Tsiku lina anzake atatuluka anatsalira, n'kundipatsa kapepala. Analembapo kuti, "Aphunzitsi, inenso ndimaloweza zonse." Ndinachita manyazi kwambiri.

N'zodziwika kuti anthu ambiri achibwibwi sachita chibwibwi poimba, kapena akamalankhula pamodzi ndi munthu wina mawu omwewo, kapenanso akamatsatira kugunda kwinakwake. Tinayambira pamenepo. Pa nthawi yopuma tinkalakatula awiri, liwu langa ndi lake pamodzi, iye akugunda ntchafu ndi chala pang'onopang'ono. Patapita masabata ndinayamba kutsitsa liwu langa pakati pa ndime osamuuza, mpaka ndinkangogwedeza milomo, iye akupitirira yekha. Tsiku limene anazindikira anaima pakati pa mzere, n'kundiyang'ana, n'kuseka.

Anasankha yekha Lachisanu lake, m'teremu yachitatu. Nditati tsekani makope, ananyamuka ndisanamutchule. M'kalasi munangoti zii. Anaima kutsogolo, dzanja lamanja lili pantchafu, chala chikugunda. Liwu loyamba linakana. Linakana ndithu, nsagwada zikunjenjemera, ndipo ndinaona mtsikana wa kutsogolo atagwira m'mphepete mwa desiki ndi manja onse awiri. Sanandiyang'ane, ndiye inenso sindinamupatse liwu. Kenako linatuluka, ndipo ena onse anatsatira pambuyo pake, mizere 16, modekha, akupumira pamene iye anaika timizere take ta pensulo. Pa ndime yachitatu anakodwanso kamodzi, n'kudikira, n'kupitiriza. Anzake ambiri aka kanali koyamba kumva kuti liwu lake ndi lalikulu, lakuya ngati la bambo.

Atamaliza panadutsa kanthawi wina asanaombe m'manja. Iye anafuna kunena kuti zikomo, ndipo pa zi pomwepo chibwibwi chinamugwiranso monga kale. Anayesa kachiwiri, kachitatu, ana onse akudikira, belu likulira panja, palibe amene anagwira chikwama. Ulendo wachinayi linatuluka, ndipo anabwerera kumalo kwake pafupi ndi zenera.