Tebulo la ampangankhani lomwe linandikanika

Aphunzitsi athu atatipatsa buku la Bel Canto la Ann Patchett anatiuza kuti tiyambe ndi tebulo la ampangankhani. Ine ndinachita monga ndinazolowera ku sekondale. Ndinajambula mzere pakati pa tsamba, kumanzere ndinalemba "ogwidwa", kumanja "zigawenga", n'kuyamba kuika mayina. Pofika chapakati pa buku tsamba lija linali litadzaza mivi yodutsa mzerewo, moti ndinalichotsa m'kope n'kuyambiranso.

Bukuli linatuluka mu 2001, ndipo chaka chotsatira linapata mphoto ziwiri, ya Orange ndi ya PEN/Faulkner. Nkhani yake ikuchitikira m'dziko lina la ku South America lomwe mlembi sanalitchule dzina. Boma likufuna kukopa Katsumi Hosokawa, mkulu wa kampani ya zipangizo zamagetsi ya ku Japan, kuti adzamange fakitale, ndiye lamukonzera phwando lokondwerera kuti wakwanitsa zaka 53 kunyumba kwa wachiwiri kwa pulezidenti, Ruben Iglesias. Za fakitale Hosokawa alibe nazo ntchito. Chamubweretsa n'chakuti paphwandopo payimba Roxane Coss, katswiri wa opera (masewero oyimbidwa) wa ku America yemwe iye amamusirira. Roxane atangotsiriza kuyimba magetsi akuzima, zigawenga zikulowa kudzera m'mipata yodutsa mpweya. Zikufuna pulezidenti, koma pulezidentiyo watsala kwawo kuonera sewero lomwe amalikonda pa kanema. Pamenepa ndinaseka ndekha mulaibulale. Zigawenga zikusowa chochita, zikumasula amayi, antchito ndi odwala, ndipo m'nyumbamo mukutsala amuna 39 ndi mkazi mmodzi, Roxane.

Ndisanapitirire ndinafufuza chomwe chinachitikadi, chifukwa ngakhale dziko silinatchulidwe, zizindikiro zilipo: nkhungu ya garúa yomwe imakuta mzinda, ndi mtsikana wopemphera kwa Rosa Woyera wa ku Lima. Pa 17 Disembala 1996 anthu 14 a gulu loukira boma la Túpac Amaru (MRTA), motsogozedwa ndi Néstor Cerpa Cartolini, analowa kunyumba kwa kazembe wa dziko la Japan ku Lima, m'dziko la Peru, kuli phwando la tsiku lobadwa la Mfumu Akihito ya ku Japan. Anagwira anthu mazanamazana ngati chikole, ambiri n'kuwamasula pang'onopang'ono mpaka anatsala 72. Anakhalamo masiku 126. Pa 22 Epulo 1997 asilikali a boma la Alberto Fujimori analowa kudzera m'ngalande zomwe anakumba pansi, nthawi yomwe zigawenga zina zinkasewera mpira m'nyumbamo. Anafa wogwidwa mmodzi, woweruza milandu Carlos Giusti, asilikali awiri, ndi zigawenga zonse 14. Woyimba opera kunalibe kumeneko. Ameneyo ndi wa Patchett.

Tebulo lachiwiri ndinaika Roxane pakati, popeza aliyense m'nyumbamo amamuyang'ana. Nalonso silinagwire. Roxane ndi amene onse amamukonda, koma mivi yambiri inkadutsira kwa Gen Watanabe, mnyamata womasulira wa Hosokawa. M'nyumbamo muli olankhula Chijapani, Chisipanishi, Chingerezi, Chirasha, Chifulenchi, Chijeremani, ndipo palibe chingayende popanda Gen. Akuluakulu atatu a zigawenga, Benjamin, Alfredo ndi Hector, akafuna kulemba zofuna zawo amaitana Gen. Joachim Messner wa Red Cross, yemwe anangobwera kutchuthi n'kupezeka ali mkhalapakati, akalowa pakhomo amafuna Gen. Ngakhale Fyodorov wa ku Russia, pofuna kuuza Roxane kuti amamukonda, akukoka Gen kuti akaimirire pakati pawo.

Aliyense amene anaonapo womasulira kutchalitchi mlendo akulalikira akudziwa mmene zimakhalira. Mawu onse amatuluka pakamwa pake, koma anthu potuluka amayamikira mlaliki. Gen ndi munthu wotero. Amadziwa kunena "ndimakukonda" m'zilankhulo zambiri, koma mwini wake sananenepo zake. Ichi n'chifukwa chake ubale wake ndi Carmen unanditengera masamba atatu a m'kope, pomwe wa Hosokawa ndi Roxane unangokwana theka la tsamba.

Carmen ndi mmodzi mwa atsikana awiri a m'gulu la zigawenga, ndipo poyamba ogwidwa ankamuyesa mnyamata. Kwawo amalankhula Quechua. Chisipanishi amachimva koma sadziwa kuwerenga ndi kulemba. Usiku wina akugwada pafupi ndi Gen ali chigonere, n'kumupempha monong'ona kuti amuphunzitse. Akuyamba kukumana usiku m'kachipinda kosungiramo mbale, ali ndi kope ndi pensulo. Mfuti ili ndi Carmen, zilembo zili ndi Gen. Ndinayesa kulemba kuti wamphamvu pa awiriwa ndani, ndinalephera. Masana Carmen akhoza kumulamula Gen kuti akhale pansi. Usiku ndi iyeyo amene akuopa kulakwitsa chilembo. Amene tinaphunzira Chingerezi mochedwa, titayamba kale kuchita manyazi kufunsa, manthawa timawadziwa.

Hosokawa ndi Roxane alibe chilankhulo chimodzi. Ubale wawo umakula ndi nyimbo, kukhala moyandikana pa piyano, ndi masewera a chesi. Ndi wokoma kuwerenga, koma sunandivutitse maganizo. Mwina chifukwa onse awiri anali ndi zawo kale asanalowe m'nyumbamo.

Zomwe zinandigwira mtima kwambiri ndi maluso omwe akuonekera m'nyumba yotsekedwayi. Woyimbira Roxane piyano, yemwe anali ndi matenda a shuga, akumwalira masiku oyambirira chifukwa chosowa mankhwala. Kenaka Tetsuya Kato, bwana wa zowerengera pakampani ya Hosokawa, akukhala pa piyano n'kuyimba, anzake omwe agwira naye ntchito zaka zambiri n'kudabwa. Ruben, mwini nyumba, akusanduka wokolopa ndi wopukuta, ndipo akusangalala nazo. Koma taonani mbali ya ana onyamula mfuti. Ishmael, wamng'ono kwambiri, akuphunzira chesi pongoonerera Benjamin ndi Hosokawa akusewera, mpaka Ruben akuganiza zomutenga akhale mwana wake zonse zikatha. Cesar, tsiku lomwe Roxane sanatsike kudzayimba m'mawa, akutsegula pakamwa n'kuyimba zonse zomwe wakhala akumva, ndipo Roxane akuyamba kumuphunzitsa. Kato luso lake analibisa yekha. La Cesar, la Ishmael ndi la Carmen linabisidwa ndi umphawi, ndipo sukulu yoyamba yomwe anaipeza ndi nyumba yomwe anailanda ndi mfuti. Apa ndi pomwe ndinaona msemphano waukulu wa bukuli.

Mnzanga wina m'gulu lathu lokambirana anati zonsezi ndi Stockholm syndrome basi, dzina lomwe linachokera kwa anthu ogwidwa m'banki ku Stockholm mu 1973 omwe anayamba kuikira kumbuyo owagwira. Anawonjezera kuti palinso Lima syndrome, pamene wogwira ndiye amamvera chisoni wogwidwa. Mayinawa ndi oona, koma ndinaona kuti atangotchulidwa tonse tinasiya kufunsa. Dzina la matenda silifotokoza chifukwa chomwe Benjamin, yemwe kale anali mphunzitsi ndipo mchimwene wake ali m'ndende, amasunga ulemu pa bolodi la chesi, kapena chifukwa chomwe Bambo Arguedas, wansembe wachinyamata, akukana kutuluka atapatsidwa mwayi. Ku Lima nakonso kunali wansembe, Juan Julio Wicht, yemwe anasankha kutsala ndi ogwidwa.

Pa zipangizo za mlembi, chomwe ndinachilemba ndi inki yofiira ndi kalosera. M'mutu woyamba momwe mfotokozankhani akuneneratu kuti amene sadzapulumuka ndi zigawenga. Ndinawerenga chiganizocho, ndinachidula mzere pansi, kenaka ndinachiiwala. Miyezi ikudutsa, nkhungu ikuchoka, ogwidwa akuloledwa kutuluka pabwalo, akusewera mpira ndi owalondera, ndipo ine ndinayamba kuganiza ngati Gen ndi Carmen kuti mwina zingokhala chonchi. Messner yekha ndi amene akubwera ali wotopa, akuchonderera akuluakulu aja kuti agonje. Sindinamumvere ngati mmene iwo sanamumverere. Asilikali atalowa zonse zikutha m'masamba ochepa. Cesar, Ishmael, Beatriz (mtsikana wachiwiri uja), Benjamin, onse akufa. Hosokawa akufa poteteza Carmen ndi thupi lake, ndipo Carmen akufanso.

Pali ziwiri zomwe sindinagwirizane nazo. Choyamba, bukuli silinena zambiri za chomwe chinatulutsa anawa kumidzi kwawo. Timamva za abale omangidwa ndi za umphawi, koma mwapatalipatali, pomwe za opera timamva mpaka dzina la nyimbo iliyonse. Owerenga wa ku Peru, yemwe dziko lake linataya anthu zikwizikwi pa nkhondo ya m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ali ndi chifukwa chodandaulira kuti tsoka lawo lasanduka bwalo la chikondi cha alendo. Nkhani yeniyeniyo sinathere pa 22 Epulo. Mu 2015 khoti loona za ufulu wa anthu m'maiko a ku America, la Inter-American Court of Human Rights, linagamula kuti mmodzi mwa zigawenga, Eduardo Cruz Sánchez, anaphedwa atagwidwa kale wamoyo.

Chachiwiri ndi mathero. Gen ndi Roxane akukwatirana ku Lucca, m'dziko la Italy, kazembe wa ku France Simon Thibault ndi mkazi wake Edith ali mboni. Theka la kalasi linakwiya, ine ndinali m'gulu lomwelo. Nditabwereza kuwerenga ndinafewa pang'ono. Gen akudandaula kuti nkhani za m'nyuzipepala sizinamutchule Carmen, ngati kuti sanakhaleko. Awiriwa ndi okhawo amene angakumbutsane za Carmen ndi Hosokawa popanda kufotokoza zambiri. Kaya chimenecho n'chokwanira kumangira banja, ine ndikukayikabe, ndipo ndinalemba choncho m'ntchito yomwe ndinapereka.

Tebulo lomwe ndinapereka linali lachitatu. Linalibe mzere pakati. Ndinalemba mayina mozungulira, muvi uliwonse ukusonyeza amene anaphunzitsa mnzake kanthu: Gen kwa Carmen zilembo, Carmen kwa Hosokawa kuyenda usiku osamveka, Roxane kwa Cesar kapumidwe poyimba. Aphunzitsi analemba m'mbali kuti ndaiwala kuonetsa amene anali ndi mfuti. Ndinatenga pensulo n'kuika kamtanda pa dzina la aliyense amene anafa, ndipo kupatula Hosokawa ndi woyimba piyano uja, timitanda tonse tinagwera pa mayina omwe poyamba ndinawalemba kumanja.