Tsiku limene ndinatera kwathu ku Kasungu

Kunyamutsa ndege sikunandivutepo kwenikweni. Ndege yaing'ono imene ndikuphunzirira, Cessna 172, ukaipatsa mphamvu yonse, ikafika liwiro la ma knot 55 (muyeso wa liwiro la ndege), umangokoka chiwongolero pang'ono, yokha imachoka pansi. Chimene chakhala chikundisowetsa tulo miyezi itatu yonseyi ndi kutera.

Loweruka lapitali tinanyamuka ku Lumbadzi ine ndi aphunzitsi anga kulowera kumpoto, tikutsata msewu wa M1 m'munsimu. Nditangoona phiri la Kasungu mtima unayamba kugunda, chifukwa ndinkadziwa kuti amayi ndi mng'ono wanga afika kale pabwalo la ndege pa kabaza, akundidikira padzuwa.

Kutentha kwa Okutobala kumamveka ngakhale m'mwamba. Mpweya ukatentha umapepuka, komanso Kasungu ali kale pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera panyanja yamchere. Ndiye ndege imafika pansi ikuthamanga kuposa mmene singano ya liwiro ikuonetsera, ndipo imafuna malo ataliko kuti iime. Minda ya fodya nyengo imeneyi imakhala mbee, dothi lokhalokha, ndipo mpweya wotentha wochoka m'mindamo umakukankhira m'mwamba kenaka n'kukusiya mwadzidzidzi.

Tinazungulira bwalo pa mafiti 1,000 kuchokera pansi, ndikuyang'ana kansalu kosonyeza kumene mphepo ikuchokera. Ndinachepetsa mphamvu, n'kutsitsa mafulapu, tizigawo takumbuyo kwa mapiko tothandiza kutera, pang'onopang'ono, madigiri 10, 20, mpaka 30. Ndimayenera kufika ndi ma knot 65 koma ndinafika ndi 75. Ndege inangoyandama pamwamba pa msewu woterapo osafuna kukhala, msewuwo ukutha ndikuona. Mantha atandigwira ndinakankhira mphuno pansi. Tinagunda, n'kudumpha.

"Mphamvu yonse, achemwali, tibwerere m'mwamba," anatero aphunzitsi, mawu awo osakwera n'komwe. Ndinakankha thirotolo, kachitsulo kowonjezera mphamvu, injini inalira, tinakweranso. Manja anga anali thukuta lokhalokha, mpaka chiwongolero chimaterera.

Tikuzunguliranso anandiuza chinthu chimene anandiuzapo kambiri, koma tsiku limenelo ndi pamene chinalowa. "Maso anu ali pamphuno pa ndege. Ponyani maso kumapeto kwa bwalo uko. Ndipo musaikakamize kutera, ikanizeni, mpaka itope yokha."

Ulendo wachiwiri ndinasunga 65 yanga bwinobwino. Nditafika pamwamba pa poyambira msewu ndinachepetseratu mphamvu, maso kutali kumitengo yakumapeto. Ndinayamba kukoka chiwongolero, pang'ono, kudikira, pang'ononso. Ndimamva m'thupi kuti ndege ikumira mwakachetechete, m'mbali mwa diso udzu wouma ukukwera kufika pamene ndakhala. Kabelu kochenjeza kuti mapiko atsala pang'ono kuleka kunyamula kanayamba kulira, nthawi yomweyo matayala awiri akumbuyo anakhudza pansi, tswii. Lakutsogolo ndinalisunga m'mwamba mpaka linatsika lokha.

Titazimitsa injini ndinapeza amayi atagwira chitenje pakamwa. Anandikumbatira osalankhula kanthu. Kenaka anafunsa, "Nanga poyamba paja unabwereranji, mwana wanga?" Ndinawafotokozera kuti zikakhala kuti sizinakhale bwino timaphunzitsidwa kubwerera n'kuyesanso. Anagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa aphunzitsi, akuwomba m'manja mwaulemu. "Bambo, zikomo pondisungira mwanayu."

Anatipatsa mtedza wokazinga m'kajumbo. Pobwerera ku Lumbadzi ndinatera ndekha, aphunzitsi manja awo ali pamaondo.