Mlungu wina ku OPD: chithokomiro chimene timachiphonya

Mwezi wa Juni ku Lusaka anthu amafika pamzere wa OPD, kumene timaona odwala osagonekedwa, atadzikuta m'majuzi ndi zitenje. Lolemba m'chipinda changa munalowa mayi wina wogulitsa tomato ku Soweto Market atangovala bulauzi yopyapyala, thukuta lili pamphumi. Anati kwa miyezi ingapo wakhala akuonda, usiku tulo sabwera, ndipo mtima umathamanga ngakhale atangokhala pansi. Khadi lake linasonyeza kuti anayezedwa kale makhololo pa makina oyezera TB otchedwa GeneXpert ndipo TB sinapezeke. HIV analibe, shuga nayenso anali bwino. Kuyamba ndi zimenezi n'koyenera, chifukwa kuno munthu woonda ndi wotuluka thukuta kawirikawiri amakhala ndi imodzi mwa nthenda zitatuzo. Vuto limabwera zonse zikatuluka bwino, munthu n'kungopatsidwa mavitamini ndi kuuzidwa kuti achepetse maganizo.

Mtima wake unkagunda ka 124 pa mphindi ali chikhalire. Zikhato zinali zofunda ndi zonyowa. Atatambasula manja ndinaika pepala pamwamba pa zala zake, ndipo linkanjenjemera. Ndinamufunsa kuti, "Amayi, nanga chakudya mukudya bwanji?" Anati akudya kuposa kale, njala simuchoka. Funso limeneli limasiyanitsa zambiri. Wodwala TB nthawi zambiri chakudya sichimukoma, pamene amene chithokomiro chake, chiwalo cha kutsogolo kwa khosi, chathamanga amadya kwambiri koma thupi likupitirira kutha. Msambo wake unali utachepa, ndipo kuchimbudzi ankapita kangapo patsiku.

Khosi timaliyeza titaima kumbuyo kwa wodwala, iye atakhala ndipo mutu atauweramitsa pang'ono. Nsonga za zala za manja onse timaziika m'munsi mwa kholingo, kenaka timamupatsa madzi kuti ameze. Chithokomiro chimakwera m'mwamba pomeza kenaka n'kubwerera, pamene mwanabere sasuntha choncho. Chake chinali chitakula mbali zonse ziwiri mofanana, chofewa, ndipo maso anali otong'oka pang'ono. Zonsezi zimaloza ku matenda a Graves, amene amachititsa chithokomiro kugwira ntchito mopitirira muyezo. Tinatenga magazi kuti akayeze mahomoni otchedwa TSH ndi free T4, amene amasonyeza mmene chithokomiro chikugwirira ntchito, ndipo nditatsimikiza kuti alibe mphumu ndinamuyambitsa propranolol kuti mtima ndi kunjenjemera zikhazikike podikira zotsatira.

Ophunzira amene tinali nawo mlungu umenewo ankasokonezeka powerenga TSH, choncho masana tinakhala pansi n'kuyambira pachiyambi. Mahomoni ndi mauthenga amene tiziwalo tina timathira m'magazi kuti akagwire ntchito kutali ndi pamene apangidwa. Pancreas (kapamba) imatulutsa insulin yoyendetsa shuga. Pamwamba pa impso iliyonse pali adrenal yotulutsa cortisol ndi adrenaline. Kuseri kwa chithokomiro kuli tiziwalo 4 totchedwa parathyroid timene timasunga mlingo wa kashiamu m'magazi. Chithokomirocho chili ndi mbali ziwiri zolumikizana pakati, chimalemera magalamu pafupifupi 20 mwa munthu wamkulu, ndipo chimagwiritsa ntchito ayodini popanga T4 ndi T3. T4 ndi imene imapangidwa yambiri, koma chiwindi ndi ziwalo zina zimaisandutsa T3, imene ili yamphamvu. Mahomoni awiriwa ndi amene amalamula liwiro limene thupi limawotchera chakudya, kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, kayendedwe ka m'matumbo ndi kakulidwe ka ubongo wa mwana.

Chithokomiro sichidzilamula chokha. Pansi pa ubongo pali pituitary, imene imalandira uthenga kuchokera ku mbali ya ubongo yotchedwa hypothalamus n'kutulutsa TSH. Pituitary ili ngati kapitawo ndipo TSH ndiwo mawu ake. Wantchito akamazengereza kapitawo amakuwa kwambiri, akamathamanga mopitirira kapitawo amangoti zii. N'chifukwa chake TSH yokwera imasonyeza chithokomiro chofooka, ndipo TSH yotsikiratu imasonyeza chothamanga. M'malabu ambiri mlingo wabwino ndi pakati pa 0.4 ndi 4.0 mIU/L, koma tiziyang'ana malire olembedwa papepala la labuyo. Munthu amene wagonekedwa ali wodwala kwambiri matenda ena TSH yake imatha kusocheretsa, choncho ndi bwino kudikira achire kaye ngati palibe changu.

Lachiwiri linali la mbali inayo. Agogo ena a ku Chawama anabwera ndi mwana wawo wamkazi, amene anati mayi ake ayamba kuiwalaiwala, amangogona, mawu asasa ndipo akudzimbidwa. Kunyumba ankangoti ndi ukalamba. Khungu linali louma ndi lozizira, nkhope yotupikana, mtima ukugunda ka 54. Zotsatira zimene anabwera nazo zinali ndi TSH yokwera kwambiri ndi free T4 yotsika. Kumene ayodini ali wokwanira, choyambitsa chachikulu ndi matenda a Hashimoto, amene dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, anawafotokoza mu 1912. Chitetezo cha m'thupi chimaukira chithokomiro n'kumachiwononga pang'onopang'ono kwa zaka.

Mankhwala ake ndi levothyroxine, ndipo apa ndi pamene ndimafuna kuti tisamale kwambiri. Munthu wachinyamata wopanda vuto la mtima akhoza kuyamba ndi mlingo wonse, pafupifupi 1.6 mcg (mamaikulogalamu) pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Okalamba ndi odwala mtima timawayambitsa ndi 25 mcg n'kumakweza pang'onopang'ono, chifukwa mtima umene wazolowera kuyenda modekha ukathamangitsidwa mwadzidzidzi umatha kupweteka pachifuwa kapena kugunda mosokonekera. Polemba tizilemba mcg momveka, osati mg. Piritsi limamwedwa m'mawa m'mimba muli mopanda kanthu, ndi madzi okha, ndipo tiyi, phala kapena buledi zidikire mphindi 30 mpaka 60. Mankhwalawa amakhalitsa m'magazi, theka lake limatha pakapita masiku pafupifupi 7, choncho kuyezanso TSH pasanathe milungu 6 mpaka 8 n'kungotaya ndalama. Ndinauza mwana wawoyo kuti, "Amayi anu akayamba kupeza bwino musawasiyitse. Mankhwalawa ndi a moyo wonse, akasiya zonse zibwerera."

Tsiku lomwelo asisita a ku sikelo ya amayi oyembekezera anatitumizira mayi amene anali kale pa levothyroxine koma TSH yake ikukwera. Ankamwa mokhulupirika, koma ankamwera limodzi ndi mapiritsi owonjezera magazi amene anapatsidwa kusikelo. Ayironi ndi kashiamu zimagwira levothyroxine m'matumbo kuti isalowe bwino m'magazi, ndipo pakati pake payenera kudutsa maola 4. Komanso mayi akangodziwa kuti ali ndi pakati mlingo umafunika kukwera ndi 25 mpaka 30 peresenti, chifukwa m'miyezi yoyamba mwana amadalira T4 ya mayi ake kuti ubongo uumbike. Chinanso chofunika kuno kwathu n'chakuti rifampicin wa m'mankhwala a TB amafulumizitsa chiwindi kuchotsa T4, motero wodwala amene wayamba mankhwala a TB ayenera kuyezedwanso TSH.

Lachitatu zotsatira za mayi wa tomato uja zinabwera. TSH inali pansi pa 0.01 ndipo free T4 inali itakwera kwambiri. Adokotala anamuyambitsa carbimazole, amene amatsekereza chithokomiro kupanga mahomoni atsopano. Mlingo woyambira umakhala pakati pa 15 ndi 40 mg patsiku malinga ndi kukula kwa vuto. Sathandiza msanga chifukwa chithokomiro chimakhala chitasunga kale mahomoni a milungu ingapo, ndiye propranolol amapitirira kaye. Timayezanso pakatha milungu 4 mpaka 6, ndipo poyambapo timatsatira free T4, chifukwa TSH imatha kukhalabe pansi kwa miyezi ngakhale munthu akuchira. Woyang'ana TSH yokha amawonjezera mankhwala mpaka chithokomiro n'kufookeratu. Pa matenda a Graves mankhwalawa amamwedwa miyezi 12 mpaka 18, ndipo akabwereranso pamaganiziridwa za ayodini wa radioactive, amene amawononga maselo a chithokomiro, kapena opaleshoni.

Tinakambirana nayenso za kulera, popeza carbimazole akhoza kupundula mwana m'miyezi 3 yoyamba ya pakati, ndipo nthawi imeneyo timasinthira ku propylthiouracil. Tinamuchenjezanso za fodya, amene amakulitsa vuto la maso. Koma chenjezo lalikulu ndinalibwereza mpaka iye analinena yekha: akamva kutentha thupi, zilonda zapakhosi kapena zam'kamwa, asiye carbimazole nthawi yomweyo ndipo abwere tsiku lomwelo kudzayezetsa magazi. Mwa anthu ochepa mankhwalawa amagwetsa maselo oyera a magazi, kawirikawiri m'miyezi yoyamba, ndipo thupi limatsala lopanda chitetezo. Wotere akangogula Panadol ndi amoxicillin kufamase n'kumapitiriza carbimazole akhoza kufa ndi matenda amene akanapewedwa.

Lachinayi kunabwera bambo wina wochokera ku Luapula amene akukhala kwa achibale ku Kanyama. Anali ndi chotupa chachikulu chapakhosi cha zaka zambiri, pamwamba pake pali zipsera za mphini. Chotupa chotere nthawi zambiri chimayamba ndi kusowa kwa ayodini: T4 ikachepa TSH imakwera, ndipo TSH ikakankha chithokomiro kwa zaka chimakula. Munthu wamkulu amafunika 150 mcg ya ayodini patsiku, mayi woyembekezera 250 mcg. Lamulo la Zambia limafuna kuti mchere wogulitsidwa ukhale ndi ayodini, koma mchere woyezedwa m'timilu pamsika, umene umakhala padzuwa ndi pachinyezi, umataya ayodini wake. Ndi bwino kugula wa m'paketi yolembedwa kuti uli ndi ayodini n'kuusunga m'botolo lotseka. Chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chimawonjezera vuto, chifukwa poizoni wake m'thupi amasanduka thiocyanate, amene amalepheretsa ayodini kulowa m'chithokomiro.

Mchere sungaphwetse chotupa cha zaka zambiri chomwe chili ndi timibulu, ndipo mphini sizifika pamene pali vuto. Chimene tinafunika kudziwa n'chakuti kodi chikupanikiza njira ya mpweya. Anati akagona chagada amabanika. Nditamuuza kuti akweze manja onse pamwamba pa mutu kwa mphindi imodzi, mitsempha ya m'khosi inatupa ndipo anayamba kupuma movutika, kusonyeza kuti chotupa chatsikira kuseri kwa fupa la pachifuwa. Tinamulembera kalata yopita ku chipatala chachikulu cha University Teaching Hospital (UTH) kuti akaunikidwe ndi kuonedwa ndi madokotala a opaleshoni. Timibulu tambiri ta m'chithokomiro si khansa, koma kolimba, kokula msanga, kosasuntha pomeza, kapena kobwera ndi kusasa mawu kamafunika sikani ndi kutengako pang'ono ndi singano yopyapyala kuti kakayezedwe.

Lachisanu m'mawa ku sikelo ya ana anandiitana kuti ndione khanda la milungu 4 limene chikasu sichinkatha. Linkangogona, kuyamwa mofooka, kudzimbidwa, mchombo uli wotupa ndipo lilime likuoneka lalikulu. Mwana wobadwa ndi chithokomiro chosagwira ntchito amaoneka bwinobwino m'masiku oyamba, koma mlungu uliwonse wodutsa popanda levothyroxine umawononga ubongo mosabwezeka. Tinamutumiza kwa madokotala a ana tsiku lomwelo.

Womaliza anali mayi amene anachotsedwa chithokomiro chonse masiku angapo m'mbuyomo. Ankamva dzanzi kuzungulira milomo ndi kunsonga za zala. Titamanga lamba wa BP pamkono n'kuupopa kwa mphindi zochepa, dzanja linakungika zala n'kupindikira mkati. Chimenechi ndi chizindikiro cha kuchepa kwa kashiamu, chifukwa tiziwalo ta parathyroid timatha kusokonezeka pa opaleshoni. Nthawi zambiri timadzayambiranso kugwira ntchito pakapita milungu, koma pakadali pano kashiamu wotsika kwambiri akhoza kukomola munthu kapena kutseka kholingo. Tinatenga magazi, tinamuika diripi ya calcium gluconate yoyenda pang'onopang'ono tikuyang'anira mtima, ndipo tinaimbira a opaleshoni kuti amulandirenso kuwodi. Pakhadi lake ndinalemba kuti akadzatuluka, mapiritsi a kashiamu azimwa masana ndi madzulo, levothyroxine m'mawa yekha.