Za makapisozi a antioxidant, anyamata a jimu tamvani

Anyamata onyamula zitsulo pano pa Kasungu boma, ndikuona mabotolo a makapisozi a antioxidant akutsatsidwa kwambiri pa WhatsApp, ena akuti ndi a cham'mwamba, ena a green tea. Mtengo wake ndiye wosayamba.

Otsatsawo akuti makapisoziwa amateteza maselo a thupi kuti asawonongeke, ndipo chilungamo chilipo pang'ono. Ukathamanga, kapena kupalasa kabaza tsiku lonse, minofu imadya okosijeni wambiri, ndipo pamatuluka tizinthu totchedwa ma free radical tomwe timatha kuwononga maselo, ndipo ma antioxidant ndi zinthu zolimbana ndi tizinthuti. Koma tizinthu tomweti ndi timene timadzutsa thupi kuti lipange chitetezo chakechake n'kulimba. Kafukufuku wa mu 2009 ku Germany anapeza kuti anthu omwa vitamini C wa 1000 mg pamodzi ndi vitamini E (onsewa ndi ma antioxidant) tsiku lililonse, phindu lina la masewera olimbitsa thupi linkawadutsa. Tangoganizani, kutulutsa ndalama kuti thukuta lako lichepe mphamvu!

Ine ma antioxidant ndimawapeza m'zakudya: ndimangoviika malambe m'madzi, kusefa, n'kumwa. Magwafa ali ndi vitamini C woposa wa malalanje. Vitamini E ali mu mtedza, ndiye thirani nsinjiro mu chisoso kapena bonongwe, mtedza kuno sitisowa.

Amene mukumwa ma ARV kapena mankhwala a BP, funsani kaye adokotala musanagule mabotolowo.