Mmene ndinaphunzirira ubusa wa m'chipatala kuno ku Blantyre

Poyambira pake ndi makalata awiri: ya mpingo wako yokuikira umboni, ndi ya akuluakulu a chipatala yokulola kulowa m'mawodi. Izi sizichedwa.

Maphunziro athu ankatsata njira ya Clinical Pastoral Education (kuphunzira ubusa pocheza ndi odwala moyang'aniridwa ndi mphunzitsi), yomwe Anton Boisen anayambitsa ku America mu 1925, iye mwini atagonekedwapo m'chipatala cha odwala maganizo. Ankati wophunzira aziwerenga munthu wamoyo ngati buku, choncho nthawi yambiri tinkakhala pambali pa bedi, osati m'kalasi.

Ndikafika pa wodi ndinkayamba kwa asisitala, anamwino oyang'anira wodiyo, chifukwa ndiwo amadziwa amene wachezera kubuula usiku ndi amene wangouzidwa kumene zotsatira zowawa. Kenako magadiyani. Mayi amene wagona pa chitenje pansi pa bedi la mwamuna wake, nsima ili mu kontena yosadyedwa, nthawi zina ndiye amafunika kucheza naye kuposa wodwalayo.

Chovuta chinali kulemba. Ukachoka pa bedi umalemba zonse mmene zinayankhulidwira, iye anati, ine ndinati, koma osatchula dzina. M'mawa mwake anzako ndi mphunzitsi amazisanthula. Funso losasowa linali lakuti: "Abusa, mayiwa atayamba kulira, munathamangiranji ku vesi?" Ife alaliki kukhala chete kumatiyabwa.

Ndiye pali za zipembedzo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 pa anthu 100 alionse m'dziko muno, ndipo wodi imodzi mumakhala Myao, Mlhomwe, Msena, mwinanso Mmwenye wa ku Limbe. Ndinaphunzira kufunsa ndisanatsegule Baibulo: "Bambo, mumapemphera kuti? Ndikuitanireni ndani?" Mkatolika akafooka amafuna wansembe adzamudzoze mafuta, ine sindingalowe m'malomo. Msilamu akamwalira abale amafuna maliro aikidwe msanga, ndipo thupi amasambitsa ndi Asilamu anzake, amuna kwa mwamuna, akazi kwa mkazi. Ntchito yanga inali kuimbira shehe ndi kuthandiza kuti mapepala asachedwe. Wa Mboni za Yehova akakana magazi, kumunyengerera si kwanga, ngakhale mtima uziwawa. Kutembenuza munthu ali pa diripi, kwa ine n'kumubera.

Pomaliza anatiyesa ndi lipoti lodziunika tokha, mphunzitsi n'kulembanso lake. Amene mukufuna kuyamba, konzeranitu kope la manambala a foni a shehe, wansembe, abusa a Adventist ndi akulu a mipingo ina, chifukwa adzakufunsani tsiku loyamba lomwelo.